KUKONZA KOMPYUTA YOONONGEKA OSATAYA ZA M'KATI MWACE

Tauni ya Kafue iri pa mtunda wa makilomita pafupi-fupi 45 kumwera kwa Lusaka, m'mbali mwa mtsinje waukulu umene unaipatsa dzina. Njanji yocokera ku Livingstone imaoloka mtsinjewo pa mlato wa citsulo umene unamangidwa m'caka ca 1906, ndipo mseu waukulu wa magalimoto umapyola pakati pa tauniyo. Kale anthu a kumeneko anali asodzi, alimi ndi anchito a pa njanji. Pambuyo pace kunadza mafakitale, monga ya feteleza ya Nitrogen Chemicals imene inatsegulidwa m'caka ca 1970. Koma lero kuli nchito inanso imene makolo sanaidziwe. Munthu woyenda m'mbali mwa mseu amaona timasitolo m'mene anthu amalembetsa makalata ofunsira nchito, kusindikiza zithunzi ndi kujambulitsa mapepala ao. M'kasitolo kali konse kotere muli kompyuta. Makina omwewo alinso m'maofesi, m'masukulu, ndi m'nyumba zina za ku Kafue Estates ndi ku Shikoswe.

Tsono kompyuta nayo imadwala, ndipo kawiri-kawiri nkhani yace imayenda motere. Mai wa kasitolo afika m'mawa, natsegula citseko, nakanikiza batani monga mwa masiku onse. Koma lero kompyuta siidzuka. Pa sikirini pangooneka timadontho tozungulira kosalekeza. Kapena sikiriniyo isanduka yabuluu, nionetsa mau a Cingerezi, makina nazima okha. M'kati mwace muli makalata a anthu amene analipira kale, buku la ngongole, zithunzi za ukwati wa mwana wace, ndi mapulogalamu amene anawagula ndi ndalama zambiri. Mai uja anyamula makinawo napita nao kwa wokonza. Wokonzayo, poona kuti pali anthu enanso odikira, angoti, "Amai, iyi ifuna kufomata." Madzulo kompyuta ibwera iri kuyenda bwino ngati yatsopano, koma m'kati muli pululu.

Kufomata ndiko kufafaniza zonse zolembedwa pa disiki ndi kuyambanso. Ndi njira yacangu ndithu, ndipo nthawi zina palibenso ina. Koma kawiri-kawiri kumafanana ndi kutentha nkhokwe cifukwa ca khoswe mmodzi. Coonongeka cinali cinthu cimodzi cokha. Zina zonse zinali bwino-bwino, ndipo zikadapulumuka.

Zinthu zitatu za pa disiki

M'kati mwa kompyuta muli kacipangizo kosungiramo zolembedwa zonse, ndiko kamene kachedwa disiki. Pa disikipo pamakhala zinthu za mitundu itatu, ndipo munthu akazidziwa bwino sangabvutike kumva zotsalazi. Fanizo lace ndi fakitale, cinthu cimene ana a ku Kafue acidziwa.

M'fakitale muli kapitao, muli anchito, ndiponso muli katundu. Kapitao wa m'kompyuta ndiye pulogalamu yaikulu imene imadzuka poyamba, nilamulira kiyibodi, sikirini, makina osindikizira ndi zina zonse. Pa makompyuta ambiri a m'Zambia kapitaoyo ndi Windows, wopangidwa ndi kampani ya Microsoft ya ku America, ngakhale aliponso ena monga Linux ndi macOS. Anchito ndiwo mapulogalamu: yolembera makalata, yowerengera ndalama, yokonzera zithunzi, yoonera za pa intaneti. Katundu ndiwo mafailo, ndiko kunena makalata, zithunzi, nyimbo ndi zonse zimene mwini anazilemba kapena kuzisonkhanitsa. Mafailo amasungidwa m'magulu ochedwa mafoda, monga makalata m'zikwama.

Mitundu itatuyi siifanana mtengo. Windows angathe kumtenganso pa intaneti tsiku liri lonse. Mapulogalamu angathe kupezekanso, koma ndi ndalama ndi nthawi. Koma mafailo alibe kogula. Cithunzi ca agogo amene anamwalira cikafafanizika, palibe sitolo pa dziko lonse imene ingacigulitse.

Mafailo sabvuta kusamutsa, pakuti munthu amangowakopera pa fulashi. Nanga bwanji mapulogalamu sangakopedwe comweco? Cifukwa cace ndi ici: kapitao ali ndi kaundula wace, amene pa Cingerezi achedwa Registry. Pulogalamu ikaikidwa m'kompyuta, siikhala pa malo amodzi okha iai. Imamwaza tizigawo tace m'mafoda ambiri, ndipo Windows amalemba m'kaundula dzina lace, malo ace, cilolezo cace ndi nchito imene imagwira. Kapitao watsopano akadza ndi buku loyera, anchito akale aja sawadziwa, ngakhale ataimirira pa khomo pompo. Motero nzeru yonse ya kukonza osataya mapulogalamu yagona pa cinthu cimodzi: kusintha kapitao koma kusunga buku lace.

Comwe cimaononga Windows

Windows si cinthu cimodzi, koma mafailo zikwi-zikwi ogwirizana. Amodzi okha ofunika akalembedwa molakwika, makina onse angathe kutsimphina kapena kulephera kudzuka.

Mdani wamkulu ndiye kuzima kwa magetsi kwadzidzidzi. Kum'mawa kwa tauni ya Kafue mtsinje umatsika m'cigwa cozama ca Kafue Gorge, m'mene muli malo awiri akulu opangira magetsi. Aciwiriwo, a mamegawati 750, anatsirizidwa m'caka ca 2023. Koma magetsi otere amadalira mvula. M'caka ca 2024 kunali cilala coopsa, kotero kuti pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko liri pa tsoka. Madzi anacepa ku Kariba ndi m'mtsinje wa Kafue momwe, ndipo magetsi anali kuzima nthawi yoposa theka la tsiku m'madera ambiri. Kompyuta ya pa tebulo iribe batire. Magetsi akacoka imazima nthawi yomweyo. Ngati pa mphindi imeneyo inali kulemba failo yofunika, failoyo imatsala yodukira pakati. Coipitsitsa ndi pamene Windows ali kudzikonzanso ndi zatsopano zocokera ku Microsoft, pakuti pamenepo amakhala atacotsa zakale koma zatsopano asanatsirize kuika. Ndico cifukwa cace pa sikirini pamalembedwa cenjezo lakuti munthu asazime makina.

Palinso mavairasi, ndiwo timapulogalamu toipa timene timayenda pa intaneti ndi pa mafulashi. Kompyuta ya m'kasitolo imalandira mafulashi a anthu ambiri pa tsiku, ndipo iri ngati citsime ca pa mseu cimene ali yense amatungamo ndi cidebe cace. Palinso kukalamba kwa disiki yeniyeniyo, kumene kumafulumizidwa ndi pfumbi ndi kutentha kwa mwezi wa Okutobala.

Nthawi zina bvuto limaoneka lalikulu pamene muzu wace uli waung'ono zedi. Pa 19 Julaye 2024 makompyuta a Windows pafupi-fupi 8.5 miliyoni m'maiko ambiri anaonetsa sikirini yabuluu tsiku limodzi. Ndege zinalephera kunyamuka, ndipo mabanki ndi zipatala zinasokonezeka. Colakwa cinali failo imodzi imene kampani ya CrowdStrike inatumiza kwa ogwiritsa nchito pulogalamu yace. Mankhwala ace anali kulowa m'kompyuta ndi kucotsa failo imodziyo basi. Panalibe cifukwa ca kufomata.

Coyamba: kutulutsa katundu

Munthu wofuna kukonza denga la nyumba amayamba watulutsa ufa ndi zofunda, ngakhale mmisiri atalonjeza kuti sadzagwetsa kanthu. Comweconso pano. Njira zonse zofotokozedwa m'munsimu zinapangidwa kuti zisunge mafailo, koma magetsi angathe kuzima pakati pa nchito, kapena cala cingathe kukanikiza malo olakwika. Cifukwa cace mwini ayenera kukopera mafailo ace pa fulashi yaikulu kapena pa disiki ya kunja asanayambe kanthu kena kali konse.

Ngati kompyuta idzuka, ngakhale motsimphina, nchitoyi njapafupi. Mafoda oyenera kuyamba nao ndi Desktop, Documents, Downloads ndi Pictures. Koma pali zina zimene anthu amaiwala: mau acinsinsi olowera pa intaneti amene kompyuta inali kuwakumbukira m'malo mwa mwini, mabuku a ndalama amene pulogalamu yace imawabisa m'foda yace-yace, ndi manambala a cilolezo a mapulogalamu ogula. Izi nzofunika kuzilemba pa pepala. Akatha kukopera, nkwabwino kutsegula mafailo angapo pa kompyuta ina, kuti aone ngati afikadi. Ambiri anagona mtima uli m'malo, nadzapeza m'mawa kuti pa fulashi pali maina okha opanda kanthu.

Ngati kompyuta siidzuka konse, katunduyo sanafe ai. Cangotsekeka ndi citseko. Wokonza angathe kucotsa disiki naiika m'kabokosi kolumikiza ku kompyuta ina, niwerengeka monga fulashi. Kapena angadzutse makinawo ndi kapitao wobwereka, monga Ubuntu, wokhala pa fulashi. Ubuntu ali ndi njira yongomuyesa osamuika pa disiki, ndipo ali m'menemo munthu angathe kutsegula mafoda ace onse nawakopera. Pa makompyuta ena, makamaka atsopano, disiki imakhala yokhomedwa ndi loko wochedwa BitLocker. Mfungulo yace ndi manambala 48, amene kawiri-kawiri amasungidwa m'akaunti ya Microsoft ya mwini. Popanda manambala amenewa ngakhale katswiri sangatsegule.

Pa nthawi yomweyi mpofunika kuchera khutu. Disiki ya mtundu wakale iri ndi timbale timene timazungulira nthawi 5,400 kapena 7,200 pa mphindi imodzi. Ikayamba kulira kuti the, the, the, kapena kukukuta, ndiye kuti iri pafupi kufa. Disiki yotere siyenera kuikidwanso Windows, pakuti nchito yolemetsayo ingaitsirize. Cofunika ndi kupulumutsa mafailo msanga, kuyambira ofunika koposa, ndi kugula disiki ina. Ya mtundu watsopano, yochedwa SSD, iribe cozungulira ndipo siilira. Imangoleka kugwira nchito, nthawi zina popanda cenjezo.

Mankhwala ang'ono-ang'ono

Sing'anga wanzeru sathamangira mpeni. Anchito a pa njanji akapeza thabwa limodzi lobvunda pansi pa zitsulo, sazula njanji yonse kucokera ku Kafue kufika ku Mazabuka. Amasolola lobvundalo nalowetsa lina. Windows ali ndi zida zocita comweco.

Cida cina ndi System Restore. Nthawi ndi nthawi Windows amasunga cikumbutso ca m'mene analiri, makamaka asanaike cinthu catsopano. Munthu angathe kumbwezera ku tsiku limene anali bwino. Makalata ndi zithunzi sizikhudzidwa. Zimacoka ndi mapulogalamu okhawo amene anaikidwa litapita tsikulo. Bvuto lace ndi lakuti pa makompyuta ambiri cida ici cimakhala cosayatsidwa, ndipo cikumbutso cimene sicinasungidwe sicingabwezedwe.

Cina ndi kulamula Windows kuti adziyese yekha. Munthu atsegula kazenera kakuda kochedwa Command Prompt ndi mphamvu za woyang'anira makina, nalemba mau akuti sfc /scannow. Pamenepo Windows ayang'ana mafailo ace amodzi-amodzi, nasintha oonongeka ndi ena abwino amene anawasunga padera. Ngati osungidwa paderawo aonongeka naonso, pali lamulo lina lalitali, DISM /Online /Cleanup-Image /RestoreHealth, limene limatenga abwino pa intaneti. Likatha limeneli, abwerezanso loyamba lija. Izi zimadya nthawi yosakwana ola limodzi pa makina ambiri, ndipo kawiri-kawiri nthenda imathera pomwepo.

Kusintha kapitao, buku likhale

Zikakanika izi, yatsala njira imene iri mutu wa nkhani ino, ndiyo kuika Windows watsopano pamwamba pa wakale. Njirayi si ya lero. Windows XP, amene anaturuka m'caka ca 2001, anali kale ndi njira yodzikonzera kucokera pa CD. Ndipo m'Windows 10 wa 2015 ndi Windows 11 wa 2021 inakhala yosabvuta koposa. Cimene cimacitika ndi ici: pulogalamu yoikira imamanga Windows watsopano pambali, nisuntha wakale kumuika m'foda yochedwa Windows.old, kenaka nitenga kaundula, mapulogalamu ndi mafailo a mwini niwapereka kwa watsopanoyo. Kapitao wasintha, koma anchito ali m'malo ao ndipo katundu sanasunthe.

Pofunika failo yaikulu ya mtundu wa ISO, m'mene muli Windows yense. Kukula kwace ndi magigabaiti pafupi-fupi 5 kapena kuposerapo, motero bandulo ya intaneti ikhale yokwanira. Failoyi itengedwe kwa Microsoft mwini, pakuti kumeneko njaulere ndiponso njoyera. Zongopatsana za kumadzi akuda nthawi zina zimadza ndi mavairasi obisika. Wofuna kuiika pa fulashi apeze fulashi ya magigabaiti 8 kapena kuposerapo, ndipo adziwe kuti poikonza zonse za pa fulashiyo zimafafanizika. Isakhale yomwe ija anakoperapo mafailo ace! Pa disiki ya kompyuta pakhalenso malo opanda kanthu okwana magigabaiti ngati 20.

Tsono pali malamulo amene sangalumphidwe. Windows watsopano afanane ndi wakale. Ngati wakale ndi Home, watsopano akhale Home. Ngati ndi Pro, akhale Pro. Asakhale wakale kuposa amene alimo. Ndiponso cinenero cikhale cimodzi, ndipo apa mpamene ambiri amapunthwa. Makompyuta ambiri ogulitsidwa m'Zambia anayamba agwira nchito m'maiko ena, ndipo Windows amawerenga Cingerezi ca ku America ndi Cingerezi ca ku Britain ngati zinenero ziwiri. Munthu akatenga ca ku America pamene makina ace anabadwa ndi ca ku Britain, pulogalamu yoikira idzakana kusunga mapulogalamu ace.

Lamulo lina ndilo lalikulu koposa: nchitoyi iyambire m'kati mwa Windows wodwalayo, ali maso. Mwini ayatsa kompyuta monga mwa masiku onse, natsegula failo ya ISO kapena fulashi ija, nakanikiza pulogalamu yochedwa setup. Asazime makina ndi kuwadzutsira pa fulashi, pakuti khomo limenelo limapita kwina. Wolowera kumeneko sangathe kusunga mapulogalamu. Cifukwa cace ncoonekeratu. Kapitao wakale ayenera kukhalapo kuti apereke buku m'manja mwa mnzace.

Pulogalamu ikayamba, imafunsa mafunso owerengeka, kenaka imafika pa tsamba limene liri ngati mphambano ya njira zitatu. Mau ace ndi a Cingerezi, ndipo mpofunika kuwadziwa bwino. Oyamba ndi "Keep personal files and apps", ndiko kuti sunga mafailo ndi mapulogalamu omwe. Aciwiri ndi "Keep personal files only", ndiko kuti sunga mafailo okha. Acitatu ndi "Nothing", ndiko kuti usasunge kanthu. Oyenera kusankha ndi oyambawo. Ngati mau oyambawo aoneka otuwa ndipo sakanikizika, ndiye kuti lamulo lina lalumphidwa, kaya la cinenero kaya la mtundu. Pamenepo munthu asanene kuti poti ndayamba kale ndingopitirira. Aleke, atseke pulogalamuyo, nakafune failo yoyenera. Kufikira pa tsamba limeneli palibe cimene casinthika.

Akasankha bwino nakanikiza Install, nchito ya munthu yatha. Yatsala ya makina. Kompyuta idzazima ndi kuyaka yokha kangapo, ndipo manambala a pa sikirini nthawi zina adzaima malo amodzi nthawi yaitali ngati afa. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Pa makina acangu zimatha pasanapite ola, koma pa akale zingathe kudya maola awiri kapena atatu. M'nthawi yonseyi magetsi asazime. Laputopu ikhale yodzaza batire ndiponso yolumikizidwa ku khoma. Kompyuta ya pa tebulo ifuna kabokosi ka batire kochedwa UPS, koma kameneka kamangogwira mphindi zowerengeka; motero m'nyengo ya kugawana magetsi nkwabwino kuyamba atangobwera kumene, kapena kunyamula makina kupita nao kumene kuli sola kapena jenereta. Kuyamba nchito yotere magetsi ali pafupi kucoka ndiko kuitana nthenda yomwe ija kaciwiri.

Pa Windows 11 pali njira yacidule imene inaonjezedwa m'caka ca 2024. Munthu alowa mu Settings, napita ku System, kenaka ku Recovery, napeza mau akuti "Fix problems using Windows Update". Akakanikiza pamenepo makina amadzitengera okha Windows wofanana ndi amene alimo, motero za cinenero ndi mtundu sizibvutanso, ndipo mafailo ndi mapulogalamu zimasungidwa. Imangofuna intaneti yosadukiza. Pa makompyuta ena oyang'aniridwa ndi ofesi kapena sukulu mau amenewa saoneka.

Ikatha nchito, foda ya Windows.old imatsala pa disiki, ndipo kwa masiku 10 munthu angathe kubwerera kwa Windows wakale ngati watsopano sanamkomere. Pambuyo pace makina amaicotsa okha. Masiku amenewo ndiwo oyenera kutsegula pulogalamu iri yonse, kuyesa makina osindikizira, ndi kuona ngati mafailo onse alipo. Cinthu cimodzi cisaiwalike: njira imene imasunga anchito onse ingasungenso wakuba amene anabisala pakati pao. Ngati nthenda inadza ndi vairasi, vairasiyo iyambe yacotsedwa ndi pulogalamu yocotsera mavairasi.

Ngati siidzuka konse

Nanga kompyuta ya mai uja, imene siifika nkomwe pa tsamba loyamba? Njira yabwino ija siingagwire nchito kapitao ali cikomokere. Cofunika tsono ndi kumtsitsimutsa, ngakhale pang'ono pokha. Windows akalephera kudzuka kawiri motsatizana, kacitatu amatsegula yekha tsamba la cithandizo. M'menemo muli Startup Repair, imene imakonza zolepheretsa kudzuka. Muli System Restore ija. Muli njira yocotsera zatsopano zimene zinaikidwa posacedwa, imene imathandiza kwambiri pamene magetsi anazima pakati pa kudzikonzanso. Mulinso Safe Mode, m'mene Windows amadzuka ndi zinthu zocepa zokha, kuti munthu acotse comwe cabweretsa bvuto. Cimodzi ca izi cikathandiza, makina nadzuka monga mwa masiku onse, pamenepo njira ija yatseguka.

Zikakanika zonse, ndiye kuti mapulogalamu sapulumuka, koma mafailo angapulumukebe. Pa tsamba lomwelo pali "Reset this PC", ndipo pansi pace pali "Keep my files". Mau awa anyenga anthu ambiri, amene amayesa kuti zonse zidzasungidwa. Iai, amasunga mafailo okha. Mapulogalamu amene mwini anaika amacoka onse, koma Windows amasiya mndandanda wa maina ao pa Desktop kuti munthu adziwe zoyenera kuikanso. Apa mpamene pepala lija la manambala a cilolezo limagwira nchito.

Kotsiriza kuli kudzutsira makina pa fulashi ndi kuika Windows watsopano. Ngakhale pamenepa kufomata si lamulo. Munthu akasankha cigawo ca disiki m'mene munali Windows wakale, osakanikiza Format kapena Delete, zakale zonse zimakankhidwira m'foda ya Windows.old, ndipo angathe kutolamo mafailo ace, malinga acite msanga fodayo isanacotsedwe. Koma akafomata naikapo Windows, zatsopano zimalembedwa pamwamba pa zakale, ndipo zimene akatswiri angazifukule pambuyo pace zimakhala zocepa ndi zoduka-duka.

Pa 14 Okutobala 2025 Microsoft inaleka kusamalira Windows 10 mwa nthawi zonse. Kompyuta yokhala ndi Windows 10 siinaleke kugwira nchito cifukwa ca ici, ndipo njira zonse za pamwambapa, kupatula yacidule ija, zimathekabe pa iyo. Koma popanda zotetezera zatsopano imasanduka nyumba ya loko wakale. Makina amene ali ndi mphamvu zokwanira angathe kusamukira ku Windows 11 pa njira yomwe ija ya setup, mafailo ndi mapulogalamu osatayika. Makina akale kwambiri Windows 11 amawakana.

Kwa wokonza

Si onse angathe kucita izi okha, ndipo kupita kwa wokonza si colakwa. Alipo amisiri abwino ku Kafue ndi ku Lusaka amene amadziwa njira zonsezi; kungoti kufomata kumatha msanga, pamene kupulumutsa katundu kumadya tsiku, ndipo mmisiri sangadziwe mtengo wa zimene ziri m'kati ngati mwini sanena. Motero mwini anene poyera asanasiye makina ace. Auze wokonzayo kuti m'kati muli zinthu zofunika, nachule maina a mafoda ndi mapulogalamu ace. Apemphe kuti mafailo akopedwe poyamba pa disiki imene wabwera nayo yekha, iye ali pomwepo, pakuti m'kompyuta ya kasitolo muli makalata ndi manambala a ziphaso a anthu ena, zimene siziyenera kutsala m'makina a munthu wina. Afunse ngati disiki yayesedwa kuti iri yamoyo. Ndipo apangane kuti ngati kudzaoneka kuti palibe njira ina koma kufomata, wokonzayo ayambe wamuimbira foni. Mwina malipiro adzakwerako pang'ono cifukwa ca nthawi. Pokatenga makina, mwini awayatse pa sitolo pomwepo, natsegule buku la ngongole ndi zithunzi zija asanapereke ndalama.